Digiri ya pamwamba ya maphunziro a zipembedzo isapepukitsidwe

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo pa zimene munthu amayenera kukwaniritsa kuti alandire digiri ya masitazi kapena ya udokotala pa maphunziro a zipembedzo. Anthu ambiri amene ali ndi mtima wofuna kupitiriza maphunziro m'gawo limeneli akukopeka ndi sukulu zina zimene zimalengeza pa intaneti kuti munthu angathe kukhala dokotala m'miyezi yowerengeka chabe, popanda kuphunzira chilankhulo chatsopano, popanda kuchita kafukufuku, ndiponso popanda kukaima pamaso pa akatswiri kuti afunsidwe za zimene walemba. Maganizo anga ndi akuti malamulo amene mayunivesite odalirika anakhazikitsa ndi oyenera ndipo asafewetsedwe, koma pali mbali imodzi, ya zilankhulo, imene ikufunika kuiunikanso.

Wofuna kulembetsa ayenera kudziwa kaye kuti maphunziro a zaumulungu ndi maphunziro a zipembedzo si chinthu chimodzi, ngakhale kuti m'mayunivesite ambiri amaphunzitsidwa m'dipatimenti imodzi. Wophunzira zaumulungu kawirikawiri amayambira mkati mwa chikhulupiriro chake n'kumafufuza tanthauzo la zimene mpingo wake umaphunzitsa, ndipo n'chifukwa chake maseminale ambiri amafuna kalata yochokera kwa atsogoleri a mpingo asanalandire munthu. Ku America digiri yokonzekeretsa abusa, yotchedwa Master of Divinity, nthawi zambiri imatenga zaka zitatu, pamene m'masukulu ovomerezedwa ndi Vatican munthu saloledwa kuyamba udokotala asanapeze digiri yapakati yotchedwa licentiate. Maphunziro a zipembedzo ndi osiyana: amafufuza mbiri, malemba, miyambo ndi moyo wa anthu a chipembedzo chilichonse, ndipo yunivesite ya boma sifunsa wophunzira ngati amapemphera kapena ayi. Mkhristu akhoza kuchita udokotala pa Chisilamu, Msilamu pa Chibuda, ndipo onse awiri amayezedwa ndi muyeso umodzi, womwe ndi umboni umene apereka. Gawo limeneli si lakale kwambiri monga mmene ena amaganizira. Ninian Smart anayambitsa dipatimenti ya maphunziro a zipembedzo ku yunivesite ya Lancaster ku Britain m'chaka cha 1967, ndipo zimandikondweretsa kukumbutsa owerenga kuti ku Ibadan, m'dziko la Nigeria, Geoffrey Parrinder anali atayamba kale kuphunzitsa za zipembedzo mu 1949.

Zofunika polembetsa n'zodziwika ndipo sinditayapo nthawi yambiri. Amafuna digiri yoyamba yokhoza bwino, makalata ochitira umboni ochokera kwa aphunzitsi akale, chitsanzo cha zimene munthu analembapo, ndipo kwa ofuna udokotala, ndondomeko ya kafukufuku imene mphunzitsi wina wa pa yunivesiteyo wavomera kuiyang'anira. Digiri yoyambayo siyenera kukhala ya zipembedzo nthawi zonse, pakuti ambiri amachokera ku maphunziro a mbiri yakale, a chikhalidwe cha anthu kapena a zilankhulo. Ku Britain masitazi amatenga chaka chimodzi ndipo udokotala zaka zitatu kapena zinayi. Ku America wophunzira udokotala amayamba wakhala m'kalasi zaka ziwiri kapena kuposerapo, kenako amalemba mayeso akuluakulu a gawo lake lonse asanaloledwe kuyamba kulemba kafukufuku wake, motero zaka zisanu zimatha mosavuta.

Pamene ambiri amabwerera m'mbuyo ndi pa zilankhulo, ndipo m'pamene sukulu zachidule zija zimapezerapo mpata. Koma taganizani, Akonzi, munthu amene akufuna kutchedwa katswiri wa Chipangano Chatsopano koma sangathe kuwerenga Chigiriki chimene mabukuwo analembedwamo. Zonse zimene anganene zidzadalira zimene womasulira wina anasankha m'malo mwake, ndipo tsiku limene omasulira awiri adzasiyane, iye sadzakhala ndi poyambira kuweruza. Chipangano Chakale chinalembedwa m'Chiheberi, ndipo zigawo zina za mabuku a Danieli ndi Ezara zili m'Chiaramu. Korani ili m'Chiarabu, ndipo wofuna kumvetsa ndemanga za akatswiri a Chisilamu amene akhala akuitanthauzira kwa zaka mazana ambiri sangalambalale chilankhulocho. Wofufuza malemba akale a Chihindu amafunika Sanskrit, wa nthambi ya Chibuda yotchedwa Theravada amafunika Pali, ndipo wofufuza mpingo wakale wa ku Ethiopia amafunika Ge'ez. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Zilankhulo zimenezi zimatenga zaka, ndipo wophunzira wanzeru amayamba kuziphunzira ali pa digiri yoyamba kapena ya masitazi, osadikira kuti mayeso a udokotala amupeze asanagwireko buku la galamala.

Kuwonjezera pa chilankhulo cha malemba, mayunivesite ambiri a ku America amafuna kuti wophunzira udokotala asonyeze kuti angathe kuwerenga zilankhulo ziwiri zamakono zimene akatswiri amalembamo, ndipo mwachizolowezi zimakhala Chijeremani ndi Chifalansa. Chifukwa chake chilipo ndipo n'chomveka. Kafukufuku wambiri wa Baibulo wa m'zaka za m'ma 1800 ndi 1900 analembedwa m'Chijeremani, ndipo anthu awiri amene maganizo awo sathawika kwa aliyense wofufuza ubale wa chipembedzo ndi chikhalidwe cha anthu, Max Weber ndi Émile Durkheim, wina analemba m'Chijeremani ndipo wina m'Chifalansa. Kwa wofufuza mbiri ya kamasulidwe ka Baibulo, lamuloli ndi lothandiza ndithu.

Vuto limabwera pamene lamulo lomwelo liikidwa pa aliyense mosayang'ana zimene akufufuza. Zipembedzo zambiri za padziko lapansi sizinasungidwe m'mabuku. Zili m'mapemphero, m'nyimbo, m'miyambi, m'mayina a anthu ndi a malo, ndiponso m'kukumbukira kwa akuluakulu. Wophunzira amene akufufuza chipembedzo cha makolo cha Ayoruba a ku Nigeria, kapena mipingo imene inayambitsidwa ndi anthu a mu Africa eni ake, kapena ndakatulo zachipembedzo za Chiswahili zimene kale zinkalembedwa m'zilembo za Chiarabu, chida chake chachikulu ndi chilankhulo cha anthu amene akuwafufuzawo. Kumukakamiza kuti athere chaka chonse pa Chijeremani, uku akuloledwa kukafunsa anthu kudzera mwa womasulira, ndi kuika zinthu chadodolido. Wofufuza wodalira womasulira pofunsa wansembe wa chipembedzo cha makolo ali ndi chilema chofanana ndi cha katswiri wa Baibulo wosadziwa Chigiriki, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti chilema chachiwirichi timachiona msanga pamene choyambacho timachilekerera. Mayunivesite ena ayamba kulola kuti wophunzira asinthe chimodzi mwa zilankhulo za ku Ulaya ndi china chogwirizana ndi kafukufuku wake, ndipo ine ndikufuna kuti zimenezi zikhale lamulo lolembedwa, osati chifundo chimene wophunzira amachita kupempha.

Ndikatero sindikupempha kuti zinthu zifewe. Chilankhulo cholankhulidwa chiyenera kuyesedwa mwamphamvu monga mmene amayesera Chiheberi: wophunzira amvetsere pemphero kapena nyimbo yojambulidwa, ailembe molondola, aimasulire, ndipo afotokoze mawu akuya amene achinyamata a mtundu womwewo mwina sawadziwa. Kubadwira m'chilankhulo sikutanthauza kuti munthu akudziwa mawu a pa mwambo wa nsembe. Moyo wa John Mbiti wa ku Kenya ukusonyeza bwino zimene ndikunena. Iye analandira udokotala ku Cambridge mu 1963 atafufuza ziphunzitso za Chipangano Chatsopano zokhudza nthawi yotsiriza poziyerekeza ndi maganizo a anthu a mtundu wake, Akamba, ndipo atakalamba anamasulira Chipangano Chatsopano chonse kuchoka m'Chigiriki kupita m'Chikamba, ntchito imene inasindikizidwa mu 2014. Akanakhala kuti ankadziwa chimodzi chokha mwa zilankhulo ziwirizo, ntchito zimenezi sakanazitha.

Chotsalira ndi kafukufuku weniweniyo, amene ndiye amasiyanitsa digiri ya pamwamba ndi maphunziro ena onse. Wophunzira amayenera kudziwa njira zofufuzira, kaya ndi kusanthula zolembedwa zakale, kukumba m'nkhokwe za makalata a mamishoni, kapena kukhala pakati pa anthu opembedza kwa miyezi yambiri. Ngati kafukufuku akukhudza anthu amoyo, komiti ya yunivesite yoona za ufulu wa ofunsidwa iyenera kuvomereza asanayambe, ndipo pa nkhani za chipembedzo zimenezi n'zofunika koposa, chifukwa pali zinsinsi za miyambo zimene eni ake safuna kuti zilembedwe, ndipo pali anthu amene moyo wawo ungakhale pa chiswe zitadziwika kuti anasiya kapena anasintha chipembedzo. Buku la udokotala ku Britain limafika mawu 80,000 kapena 100,000 malinga ndi yunivesite, liyenera kukhala ndi mfundo yatsopano imene palibe anaipezapo kale, ndipo mwini wake amafunsidwa pakamwa ndi akatswiri, mmodzi mwa iwo wochokera ku yunivesite ina, amene ali ndi mphamvu yomubweza kuti akakonze kapena kumukaniza digiriyo.

Udokotala waulemu umene yunivesite imapatsa mtsogoleri wa chipembedzo pothokoza ntchito yake ndi mphatso yabwino, koma sumupatsa munthu luso loyang'anira kafukufuku wa ena, ndipo mipingo, mizikiti ndi makoleji polemba ntchito aphunzitsi ayenera kusiyanitsa ziwirizi. Amene akufuna kulembetsa maphunzirowa afufuze ngati sukuluyo ndi yovomerezeka ndi bungwe loona za maphunziro apamwamba m'dziko limene ili, afunse kuti ndi zilankhulo ziti zimene adzayesedwe, adziwe dzina la mphunzitsi amene adzayang'anire kafukufuku wawo ndi zimene mphunzitsiyo anasindikizapo, ndipo afunsenso ngati pamayeso otsiriza padzakhala woyesa wochokera kunja. Sukulu imene ikulephera kuyankha mafunso amenewa asailipire ndalama.

Ine wanu,
Wowerenga nyuzipepala yanu