Kompyuta yanu ija yadzuka

Chibavi, Mzuzu

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo, kungoti chisanu cha chaka chino chatikhaulitsa, m'mawa madzi sagwirika. Mayi anu ali bwino, mwendo uja wayamba kuwaleka.

Ndi iwowo amene andichititsa kulemba kalatayi. Anabwera kwathu ndi jumbo yodzaza zimbale zimene munkasungamo zithunzi, za ukwati wa alongo anu ndi zina zomwe munawajambula malemu bambo ali kumunda. Akuti akufuna kuwaonanso amuna awo. Laputopu yanga ilibe polowetsa chimbale, monga zilili zambiri za masiku ano, ndiye ndinakumbukira kompyuta yanu, chibokosi cha Dell chija munandisungitsa pochoka.

Nditachotsa chivundikiro ndinapeza fumbi, ukonde wa akangaude ndi mazira a mphemvu, ndipo tizitsulo tina tinali titayamba dzimbiri. Paja chinyezi cha Mzuzu mukuchidziwa. Ndinapukuta ndi kaburashi kouma, koma ndisanalumikize kumagetsi ndinayamba ndaona kaswitchi kofiira kakumbuyo kaja, kolembedwa 115 mbali ina, 230 mbali inayo. Magetsi athu ndi a 230, ndipo kakakhala pa 115 munthu n'kupulaga, umangomva phuu, kenako utsi. Kanali pamalo pake. Inayaka, koma inayamba n'kudandaula kuti yaiwala tsiku ndi nthawi. Limenelo linali vuto la kabatire kaja kangati ndalama yachitsulo, CR2032, ka mavolti atatu. Ndinakagula ku Mataifa ndipo zinatheka.

Ntchito yeniyeni inali pa drive, chipangizo chowerenga zimbale. Ukadina batani, kamota kamalira m'kati koma thireyi osatuluka. Pali kabowo kakang'ono kutsogolo kwake, kamene anthu ambiri sakaona n'komwe. Ukalowetsamo kawaya kowongoka n'kukankha, thireyi imatuluka ngakhale magetsi atazima. Nditatero ndinasuzumira pansi pake n'kupeza wolakwa: kalamba ka labala kamene kamalumikiza mota ndi giya. Kanali katatamuka, kakungoterereka. Mnyamata wina wokonza mafoni anandiuza kuti ndingoikapo labala womangira ndalama, koma ndinakana, chifukwa ameneyo sachedwa kuuma n'kudukira m'katimo. Ndinatsuka kakale komweko ndi sopo n'kukaviika m'madzi otentha. Kamabwererako pang'ono, ngakhale si mankhwala okhalitsa. Pano thireyi ikutuluka ndi kulowa yokha.

Kutuluka kwa thireyi sikuwerenga chimbale ayi. Chinkangozungulira, n'kuima, n'kuzunguliranso. Ndinamasula drive yonse n'kupukuta kadiso kake ndi thonje lonyowetsa pang'ono ndi sipiriti, mosamala kwambiri poti kamakhala pa timawaya topyapyala. Ma CD anayamba kuwerengeka. Ma DVD, ng'o.

Chifukwa chake n'chakuti m'kati mwa drive yotere muli ma laser awiri, tinyali timene timawerenga chimbale. Ya CD kuwala kwake ndi kwa infrared, kosaoneka bwino ndi maso, pomwe ya DVD ndi yofiira ndipo imaloza timadontho tating'ono kwambiri. N'chifukwa chake DVD imanyamula 4.7 GB pomwe CD imathera pa 700 MB, chonsecho kukula kwake n'kofanana. Imodzi ikhoza kufa inzake ili moyo, ndipo kwa inu yafa ndi yofiirayo. Imeneyo ilibe kupukuta. Tsoka lake, kanema wa ukwati uja ali pa DVD.

Ndinayesa kufunafuna drive ina m'tauni. Yanuyi imalumikizidwa ndi lamba wotambalala uja wa IDE, wa mapini 40, osati kawaya kakang'ono ka SATA. Kwa okonza makompyuta ziliko zaunjikana pakona, koma zomwe tinayesa zinali ndi matenda omwewo, ina ikukana kutseguka, ina yakhungu. Mkulu wake anandiseka, akuti ndikuvutikiranji ndi chinthu cha kumanda. Sindinamuyankhe, sakudziwa za jumbo ya mayi.

Tsopano ndikuuzeni za ma CD aja, poti si nkhani yabwino yokhayokha. Ambiri ndakopera, zithunzi zili pa hard disk ndiponso pa fulashi. Koma zimbale zojambula tokhazi, ma CD-R, zimasunga zinthu pa utoto umene umafooka ndi dzuwa, kutentha ndi chinyezi. Komanso ambirife timateteza mbali yonyezimira, osadziwa kuti pa CD zinthuzo zimakhala kufupi ndi pamwamba, pansi penipeni pa pomwe timalemba dzina. Kukalika kwa pansi nthawi zina drive imapirira, koma kwa pamwamba kumachotseratu zithunzi. Chimbale chomwe munalemba kuti “Nkhata Bay” chasupuka pamwamba, moti ukachiyang'anitsa padzuwa kuwala kumadutsa m'timabowo. Pamenepo ndapulumutsapo zithunzi zochepa chabe, zina zikutseguka theka. Za malemu bambo zonse zatuluka bwinobwino. Mayi anakhala pa sikirini madzulo onse, tiyi anazizira m'kapu. Chithunzi chija bambo avala chipewa chaudzu akuti ndikawachapitsire chachikulu choika pakhoma.

Mwina mufunsa ngati makinawa angagwirenso ntchito ina. Muli Windows XP, yomwe Microsoft inasiya kuisamalira mu April 2014, ndiye pa intaneti sindikuilumikiza. Ndayesa Linux, pulogalamu ina yoyendetsa kompyuta m'malo mwa Windows, mtundu wake wopepuka wotchedwa antiX, umene anaupangira makina okalamba. Ndikuiyendetsa kuchokera pa fulashi, ndimangodina F12 ikamayaka n'kusankha. Ikuyenda bwino ndithu, moti mwana wanga wamkulu wayamba kuphunzirirapo kutaipa. Vuto ndi magetsi akathima mwadzidzidzi, chifukwa desktop ilibe batire ngati laputopu ndipo hard disk yokalambayi sikondwa nazo. Sindinafufute kanthu kanu. Muli makalata ofunsira ntchito ankhaninkhani, nyimbo za kwaya, ndi foda ina yomwe munaitcha “zanga”. Imeneyo sindinatsegule, musade nkhawa. Mundiuze ngati ndisunge zonse kapena ndikope n'kuikamo Linux mpaka kalekale.

Pempho langa ndi ili: kumeneko mundigulire DVD drive yakunja, yolumikiza ndi USB. Siidya malo m'chikwama, ndipo idzagwira pa Dell yanuyi ndi pa laputopu yanga yomwe. Mupatsire aliyense wodalirika wobwera pa basi, ndikamuchingamira kudepoti. Musazengereze, chifukwa DVD ya ukwatiyo nayonso yayamba kuoneka mawanga m'mphepete. Pakadali pano ndaiika m'kabokosi kake, m'kabati mouma. Munditumizirenso imelo yomwe mukugwiritsa ntchito pano kuti ndiyambe kukutumizirani zithunzizi pang'onopang'ono, poti bandulo yakwera mtengo.

Mundiperekere moni kwa alamu. Anyamata a bawo aku Katoto amakufunsani kawirikawiri.

Ndine mnzanu,
wa ku Chibavi