Seva siyenera kusiyidwa mmene yabwerera

Akonzi,

Tiloleni malo m'nyuzipepala yanu tilankhule ndi achinyamata amene ayamba kukonzera masukulu, mipingo ndi magulu a alimi masamba a pa intaneti kuno ku chigawo cha Tete, kuyambira ku Ulongué ndi Tsangano mpaka ku Moatize. Ntchito akugwirayi ndi yotamandika. Chotidetsa nkhawa n'chakuti ambiri akangoika Apache, pulogalamu ya seva yotumiza masamba kwa owerenga, pa makina oyendera Ubuntu (mtundu wina wa Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta), n'kuona tsamba lolembedwa kuti "It works!", amayesa amaliza. Manambala amene Apache imabwera nawo saganizira kuchepa kwa makina anu, ngakhalenso kuti owerenga anu ali pa foni, pa netiweki ya Movitel, Vodacom kapena Tmcel imene imangoduladula kumidzi, ndi data yogula ndi timetikali tochepa.

Chimene chimagwetsa maseva ambiri ndi mzere wa MaxRequestWorkers. Ngati tsamba lanu limayendera PHP (chilankhulo cholembera mapulogalamu a masamba) yomangirira mu Apache, monga ambiri amachitira ndi WordPress, mzerewu uli mu fayilo ya /etc/apache2/mods-available/mpm_prefork.conf, ndipo Ubuntu imaikapo 150. Tanthauzo lake n'lakuti seva ikuloledwa kutsegula antchito 150 nthawi imodzi, ndiye kuti makope a Apache otumikira mlendo mmodzimmodzi, aliyense akudya gawo lake la RAM, malo amene makina amasungamo zimene akugwira pa nthawiyo. Ndiye werengani. Tinene kuti mwabwereka makina a RAM ya 1 GB, ndipo mutayang'ana ndi lamulo la top mwapeza kuti wantchito mmodzi akudya 40 MB. Antchito 150 adzafuna 6,000 MB, kuwirikiza kasanu ndi kamodzi zomwe muli nazo. Masiku wamba simungaone vuto chifukwa alendo ndi ochepa. Tsiku lotulutsa zotsatira za mayeso, makolo onse akalowa limodzi, RAM imatha, Linux imayamba kupha mapulogalamu kuti ipulumuke, ndipo kawirikawiri yophedwa imakhala MySQL, pulogalamu yosunga zolembedwa za tsambalo, chifukwa ndi imene yatenga malo aakulu. Kholo limangoona mawu akuti "Error establishing a database connection", mwini sukulu n'kumadzudzula netiweki yosalakwa.

Mankhwala ake ndi samu yapafupi. Pa 1,000 MB chotsani 400 MB ya Linux ndi MySQL, yotsalayo gawani ndi 40, mupeza 15. Lembani 15 m'malo mwa 150. Ena amaopa kuti nambala yaing'ono ithamangitsa anthu. Ayi. Opitirira 15 amaima pamzere kamphindi n'kulandiridwa, zomwe n'zabwino kuposa kuti onse abwerere chimanjamanja.

Antchito akachepa chotere, musalole kuti aziima chabe. Mu /etc/apache2/apache2.conf, KeepAlive, mzere wosiya njira ya pakati pa foni ndi seva ili yotsegula, ikhale On, chifukwa pa netiweki yochedwa kutsegula njira yatsopano pa chithunzi chilichonse kumadya nthawi. Koma KeepAliveTimeout isapitirire masekondi 5, apo ayi wantchito amadikira munthu amene wachoka kale. Mzere wina, wa Timeout, umabwera uli pa masekondi 300. Foni ikataya netiweki pakati pa ulendo, wantchito akhoza kukhala womangika mphindi zisanu zathunthu. Tsitsani nambalayo ifike 60.

Palinso nkhani ya zilembo, imene kwa ife si yaing'ono. Timalemba Chipwitikizi ndi Chichewa pa tsamba limodzi, ndipo zonse zili ndi zilembo zovala zipewa: ó, ã, ç, ŵ. Seva ikapanda kuuza foni kalembedwe kake, dzina la Angónia limatuluka lili "AngÃ³nia". Tsegulani /etc/apache2/conf-available/charset.conf, mupeza mzere wa AddDefaultCharset UTF-8 uli ndi chizindikiro cha # patsogolo. Chotsani chizindikirocho. Chenjezo n'lakuti mafayilo anu onse akhale osungidwa mu UTF-8, chifukwa akale osungidwa mwanjira ina ndi amene adzasokonekera tsopano.

Za data ya owerenga: gawo la Apache lotchedwa mod_deflate limafinya malemba koma silichepetsa zithunzi. Chithunzi cha 4 MB chochokera m'foni chichepetsedwe musanachikweze, ndipo yatsani gawo la expires ndi lamulo la a2enmod expires n'kulemba masiku amene foni izisunga zithunzi, kuti munthu asalipire kawiri chinthu chomwecho.

Pa chitetezo tikupempha zinthu ziwiri. Mu apache2.conf, pa gawo la /var/www/, pali mawu akuti Options Indexes FollowSymLinks. Fufutanipo mawu a Indexes. Mukawasiya, foda iliyonse yopanda fayilo ya index imaonetsa zonse zili mkatimo kwa aliyense, kaya ndi mayina a ana asukulu kaya ndi mndandanda wa ngongole za alimi a mbatata. Chachiwiri, mukaona "403 Forbidden" musathamangire chmod 777, lamulo losintha zilolezo za mafayilo. Imatseguladi, koma imapatsa pulogalamu iliyonse pa makinawo mphamvu yolemba, ndipo wakuba akapeza kabowo kamodzi amasintha tsamba lonse. Mafoda akhale 755, mafayilo 644, ndipo www-data, dzina limene Apache imagwirira ntchito, iloledwe kulemba mu foda yokwezeramo zithunzi yokha.

Loko wa HTTPS, wobisa zimene foni ndi seva zikutumizirana, ndi waulere kudzera mu Let's Encrypt ndi pulogalamu ya certbot, koma satifiketi yake imakhala masiku 90 okha. Yesani certbot renew --dry-run tsiku lomwelo mwaiika, kuti muone ngati satifiketi yatsopano idzabwere bwino, ndipo makomo a 80 ndi 443 akhale otsegula pa firewall. Mzere wa ServerName mu Apache ulembedwe ndendende ngati dzina la tsambalo. Wotchi ikonzeni ndi timedatectl set-timezone Africa/Maputo, kuti ola lolembedwa mu log, fayilo yolembamo zochitika pa seva, likhale lomwe vuto linachitikadi.

Amene mukufuna kusunga seva mu ofesi m'malo mobwereka, ganizirani kaye. Kutentha kwa mu mzinda wa Tete mu Okutobala ndi Novembala kumapitirira madigiri 40, ndipo ngakhale damu la Cahora Bassa lili m'chigawo chathu, magetsi amazima ndithu. Pafunika UPS (batire yogwirizira makina magetsi akazima), chipinda chopita mphepo, ndi kuuza BIOS (pulogalamu yoyatsa makina) kuti makina aziyaka okha magetsi akabwera. Dziwaninso kuti modemu ya simukhadi nthawi zambiri sipereka adiresi ya IP yoti anthu akunja aifikire, choncho tsamba lingamaoneke mu ofesimo mokha.

Musanasinthe fayilo iliyonse, ikopereni pambali ndi cp. Mukasintha, lembani apachectl configtest, ndipo musapitirire mpaka mutaona "Syntax OK". Kenaka systemctl reload apache2, imene simadula anthu amene ali kale pa tsamba monga imachitira restart. Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, ndipo chikavuta werengani mizere yomaliza ya /var/log/apache2/error.log musanakhudze china chilichonse.

Ndife,
Amisiri a makompyuta,
Ulongué, Angónia