Mnyamata akadziona wofiira msana wonse saiwalanso

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo za achinyamata amene akubereka masipuleya m'madimba mwathu muno. Ndine mphunzitsi wopuma ntchito, ndipo masiku ano ndimalima tomato ndi kabichi kufupi ndi Lizulu, m'boma la Ntcheu.

Mu Okutobala chaka chatha mdzukulu wanga wa zaka 15 anatsala pang'ono kutisiya. Tsikulo ndinali kumaliro. Iye ataona mbozi pa tomato anati athandize agogo ake. Anatenga mankhwala amene ndinagula pamsika, opungulira m'kabotolo ka zakumwa, n'kuwatakasa ndi dzanja. Dzuwa lili paliwombo, malaya atavula, kumapazi kulibe kanthu. Kakamwa ka sipuleya katatsekeka anakauzira ndi pakamwa, monga amaonera akuluakulu tikuchita, ine ndemwe. Pomwe ndimafika n'kuti akusanza, dovu lili chuchuchu, thukuta lili kamukamu. Azakhali ake anali atamumwetsa kale mkaka, poti ndi zimene tonse tinakula tikumva. Kuchipatala tinathamangira pa kabaza, ndipo funso loyamba la adokotala linali lakuti, "Botolo la mankhwalawo lili kuti?" Ndinangoti kakasi. Kabotolo kanga kanalibe dzina, kanalibe chilembo ngakhale chimodzi. Anatiuzanso kuti mkaka suchotsa poizoni, tikanayamba ndi kumuvula zovala, kumusambitsa ndi sopo ndi madzi ambiri, n'kubwera naye msanga.

Mwanayo anachira, tikuthokoza Mulungu. Koma chimene chinandipweteka mtima ndi ichi: nditatsegula kope lake la zaulimi ndinapeza zonse zilimo, zolembedwa bwinobwino, aphunzitsi atachonga ndi cholembera chofiira. Usapopere kukutentha. Vala zodzitetezera. Samba m'manja. Iye anaziloweza kuti akakhoze mayeso, ndipo zinatsalira momwemo m'kopemo. Inenso ndakhala ndikulembetsa ana mawu omwewa pabolodi zaka zambiri, ndikuganiza kuti ndaphunzitsa.

Ndiye ndinayesa njira ina. Loweruka lina ndinaitana anyamata ndi atsikana a m'mudzi mwathu, anabwera 18. Ndinabwereka sipuleya yatsopano kwa mnzanga, imene inali isanalowepo mankhwala, n'kuthiramo madzi osungunulira jusi wofiira wa m'mapaketi. Tinawagawa m'magulu awiri. Aliyense wopikisana timamumata mapepala oyera pamsana, pachifuwa, m'mikono ndi m'miyendo, kenako n'kumuuza kuti apopere mzere umodzi wa udzu. Gulu lotuluka ndi madontho ochepa ndilo lopambana.

Woyamba anali mnyamata wodzitama kuti wakhala akupopera kuyambira ali Sitandade 7. Anayenda molunjika kumene kumachokera mphepo, chivindikiro osamanga bwino. Atatembenuka, anzake anafa nacho chikhakhali, pepala la kumsana lili psuu mpaka m'chiuno. Nayenso anaseka, koma nditamufunsa kuti zikanakhala zenizeni bwenzi zili pati, anangoti zii, n'kumasisita pakhosi pomwe panali ponyowa. Mtsikana wa gulu linalo sanafunse munthu. Anamasula duku lake, n'kulikweza m'mwamba kuti aone kolowera mphepo, anamanga chivindikiro kawiri, n'kumayenda mphepo ikukankhira utsi wa madziwo kutali ndi iye. Anatuluka ndi timadontho kumapazi kokha. Kuchokera apo mkangano unali wa iwo okha, wina akuti gambutsi n'zofunika, wina akuti malaya amikono itali. Ine ndinangokhala pachitsa n'kumamvetsera ana akuphunzitsana zomwe ndinalephera kuwalowetsa m'mutu ndi choko.

Sabata yotsatira tinasewera ndi mabotolo a madzi omata mizere yamitundu, monga ilili kumunsi kwa mabotolo ambiri a mankhwala: wofiira wokhala ndi chigaza ndi oopsa kwambiri, kenako wachikasu, wabuluu ndi wobiriwira. Amathamanga kukawandandalika motsatana. Pakati pake ndinaikapo kabotolo kopanda chizindikiro, ndipo aliyense wokatola amatuluka m'masewera. Ambiri anagwa pamenepo, enanso pa wobiriwira, poganiza kuti umenewo ungathe kugwiridwa ndi manja.

Akuluakulu ena andidzudzula kuti ndikuphunzitsa ana kupopera pomwe sayenera kutero. Akunena zoona mbali ina. Malamulo a ntchito m'dziko muno salola mwana wosakwana zaka 18 kugwira ntchito zoika moyo pachiswe, ndipo mndandanda wa ntchito zoterezi umene boma linatulutsa mu 2012 ukutchulanso za mankhwala. Mdzukulu wanga sagwiranso sipuleya ya mankhwala, ndipo ndimawauza makolo anzanga chimodzimodzi. Koma tisanamizane. Chibwerereni mbozi zowononga chimanga zija m'nyengo ya 2016/17, mankhwala alowa pafupifupi m'nyumba iliyonse, ndipo bambo akadwala kapena akapita ku Joni, amene amabereka sipuleya ndi mwana wa Fomu 2. Ngakhale asapopere, ndi iye amachapa zovala za wopopera, amathyola tomato wongopopera dzulo, amatunga madzi m'chigubu chimene munali mankhwala.

Zoopsa zina ziliponso, monga kukhala pamphuno pa ngolo ikutsetsereka, lamba wa chigayo, kuthyola fodya wonyowa ndi mame manja ali pamtunda, ndi mapilitsi oika m'chimanga m'nyumba yomwe anthu akugonamo. Zonsezi zingapezeredwe masewera ake ndi amene akuzidziwa bwino kuposa ine.

Pempho langa likupita ku Unduna wa Zamaphunziro, kwa alangizi a zaulimi ndi ku bungwe loyang'anira mankhwala ophera tizilombo la Pesticides Control Board ku Bvumbwe. Alangizi mukabwera m'mudzi mumasonkhanitsa ife a imvi, ana ali kusukulu kapena kudambo. Patulani tsiku limodzi pa teremu mukasewere nawo pabwalo la sukulu. Sizifuna kompyuta kapena galimoto ya bungwe. Ine ndinawononga mtengo wa mapaketi atatu a jusi ndi mapepala otsala m'makope akale. Ndipo a bungwe loyang'anira mankhwala, yenderani misika yathu. Mwana angadziwe mitundu yonse inayi, koma ngati mankhwala akugulitsidwa opungulira m'mabotolo a zakumwa, alibe choti awerenge. Loweruka lapitali pamsika ndinawerenga mabenchi anayi ogulitsa motero, limodzi lili moyandikana ndi mayi wokazinga zitumbuwa.

Mphunzitsi wopuma ntchito,
Lizulu, Ntcheu