Si chitsulo chilichonse chimalola spot welding

A Mkonzi,

Ndipatseniko danga ndilankhule ndi achinyamata amene agula makina a spot welding n'kumadandaula kuti anawagulitsa zachabechabe. Kawirikawiri makina alibe mlandu. Yang'anani kaye chitsulo chimene mwaika pakati pa mano ake.

Makinawa safuna ndodo yowotcherera. Mano awiri a kopa amapana zitsulo ziwiri zopyapyala, ndipo magetsi a maampu masauzande amadutsapo kwa kanthawi kosakwana sekondi. Chitsulo chikamakaniza magetsiwo kudutsa, chimatentha n'kusungunuka pomwe ziwirizo zakhudzanirana. Ndiye chokaniza kwambiri ndicho chimagwira bwino. N'chifukwa chake chitsulo wamba, chija amati mild steel, sichivuta, ndipo bodi ya galimoto imodzi imagwiridwa ndi madontho otere masauzande angapo. Stainless, chitsulo chosachita dzimbiri chija, amakaniza kuposa pamenepo, moti amafuna magetsi ocheperako, bola mumupane mwamphamvu.

Ine inandiphunzitsa ndi aluminiyamu. Ndinkati poti imasungunuka pa madigiri 660 okha, pamene chitsulo wamba chimafuna pafupifupi 1,500, ntchito ikhala yophweka. Ndinataya tsiku lathunthu pa kabokosi kamodzi. Dontho lililonse ndikalikoka ndi pulayala linkangomatuka, pansi pake pali mbuu, osalumana n'komwe. Aluminiyamu imadutsitsa magetsi mosavuta, kutentha nakonso imakumwaza msanga, choncho imafuna magetsi owirikiza kawiri kapena katatu, amene makina ang'onoang'ono sangawakwanitse. Komanso pamwamba pake pali kakhungu kosaoneka kamene sikasungunuka mpaka madigiri apitirire 2,000. Kakhungu kameneka kapaleni ndi burashi ya waya wa stainless musanayambe. Kopa ndiye wovutitsitsa, chifukwa mano a makinawo nawonso ndi a kopa, amangomatirira. Pamenepo pamafunika mano a tungsten, chitsulo chosasungunuka msanga.

Chitsulo chokutidwa ndi zinki, ngati cha malata, chimagwira koma chimadya mano. Zinki imasungunuka pa madigiri 420, imakakamira kunsonga, nsongayo n'kuphwatalala, madontho n'kuyamba kufooka inu osadziwa. Palani nsongazo pafupipafupi. Ndipo chonde, utsi woyera umene umatulukawo musaupume. Ndinaonapo mnyamata wanga wa pa ntchito atagona ndi litsipa, thupi likutentha ndi kuphwanya, atawotcherera zitsulo zimenezi m'chipinda chotseka. Tsekulani mazenera. Chitsulo cha kaboni wambiri, monga cha masipuling'i, chimazizira mofulumira n'kuuma gwaa, kenako dontho limang'aluka.

Pempho langa kwa aphunzitsi a ntchitoyi ndi lakuti mwana aliyense azolowere kuyesa kaye pa tizidutswa ta chitsulo chomwecho. Awotcherere dontho limodzi, apane pa vayisi, asende ndi pulayala. Dontho labwino limang'amba chitsulo n'kusiya bowo, kabatani n'kutsalira pa chinzakecho. Likamatuka losalala, katunduyo asamupatse kasitomala, asinthe magetsi kapena nthawi ayesenso.

Wowotcherera wachikulire