Mafilimu a chiwembu akufulumira kuliza mfuti

Akonzi,

Ndiloleni ndidandauleko za mafilimu a chiwembu akutuluka masiku anowa, aja oti munthu watulukira chinsinsi cha akuluakulu a boma ndiye akumusaka usana ndi usiku. Mphindi khumi zisanathe galimoto zitatu zaphulika kale, mfuti zikungothetheka ngati mbuliwuli, pofika pakati mtima wasiya kugunda ukungodikira bwana wa zigawenga afe tizikagona.

Sabata yatha ndinaoneranso All the President's Men ya 1976, ya nkhani ya Watergate ija inachotsetsa pulezidenti wa America Richard Nixon pampando mu 1974. Robert Redford ndi Dustin Hoffman ndi atolankhani a nyuzipepala ya Washington Post, filimu yonse sagwira mfuti olo kamodzi, ntchito kuimba mafoni ndi kugogoda mmakomo anthu nkumawatsekera zitseko ndi mantha. Koma pomwe Redford akukumana ndi Deep Throat, munthu wobisika amene ankamutsina khutu, usiku mmalo oimika magalimoto, mdima bii, nkhope sikuoneka bwino kandudu kokha, kenako matayala a galimoto ina kulira chapatali, kucheuka munthu uja wasowa... ine mtedza ndinasiya kutafuna. Mphwanga, amene anakulira mmavidiyo sho, anali atagona kalekale, akuti achimwene mulibe ndeu umu.

Ndipo pena akunena zoona, filimu yongolankhulana maola awiri si onse angaipirire. Nde ndinamuikira The Bourne Ultimatum ya 2007, pa siteshoni ya Waterloo ku London paja. Matt Damon waponyera foni mthumba mwa mtolankhani nkumamuuza zochita, yenda, ima, werama umange nsapato, uku makamera a CIA, bungwe la akazitape la America, akumufunafuna mchigulu cha anthu. Zibakera zilipo koma zachidule, zimabwera pomwe njira ina yatha. Mtolankhani uja mantha atamukulira nkuthamanga, chipolopolo chimodzi basi wagwa. Chimodzi! Chinapweteka chifukwa tinali titayenda naye mphindi zonsezo tikumupempherera.

Opanga mafilimu ambiri akuiwala zoti mu nkhani ya chiwembu choopsa si mfuti koma kusadziwa woti umukhulupirire, bwana wako, mnzako, kaya foni yako yomwe. Akationetsa mdani msanga nkuyamba kuthamangitsana padenga ndiye yasanduka ya karate basi.

Mphwanga uja pa Waterloo sanagone, anachita kuimirira nkumakalipira mtolankhani kuti iwe usathamange.

Wokonda mafilimu,
Ndirande, Blantyre