Za kachasu wa ku mapiri a Appalachia

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno ku Virginia, ku America, tilipo, kungoti chisanu chafika msanga.

Munandifunsa ngati zimene mumaonera pa Discovery, mu pulogalamu ya Moonshiners ija ya anthu otcheza mowa mozemba boma, zimachitikadi. Mowawo ulipo ndithu, ndipo ndi kachasu weniweni, kungoti iwo amatcheza ndi chimanga pamene amayi akwathu amatcheza ndi madeya ndi shuga. Mkangano wake ndi boma ndi wakale. Unayamba ndi msonkho wa mowa wa mu 1791, n'kudzakula pakati pa 1920 ndi 1933 pamene dziko lonse linaletsa mowa. Anyamata ozembetsa mowawu usiku ankakonza galimoto kuti zizithamanga kuposa za apolisi, ndipo ena mwa iwo, monga Junior Johnson, anadzatchuka pa mipikisano ya galimoto ya NASCAR.

Koma za pa TV zija musazimeze zonse. Pulogalamuyi itangoyamba mu 2011, akuluakulu oyang'anira zamowa kuno ku Virginia ananena kuti ndi sewero chabe, akanapeza mowa wozembetsa akanamanga anthu. Tim Smith amene mumamuona uja pano amagulitsa mowa wake m'masitolo, msonkho akulipira.

Chimene chimandiwawa mtima ndi nkhani ya Popcorn Sutton, mkulu wandevu wotcheza kachasu uja. Amamuonetsa ngati ngwazi yoseketsa, chonsecho anadzipha mu 2009, atatsala masiku ochepa kuti akayambe kugwira ukaidi wa miyezi 18, ali wodwaladwala. Saonetsanso anthu amene analowa mtovu m'magazi chifukwa otcheza ena ankaziziritsira mowa mu radiyeta ya galimoto. Ambiri mwa mabanja a m'mapiriwa anayamba ntchitoyi chifukwa cha umphawi: misewu inali yoipa, ndiye kunali kwapafupi kutsitsa mowa kupita nawo kumsika kusiyana ndi matumba a chimanga.

Ndikamaonera ndimakumbukira amayi a kumudzi kwathu amene anaphunzitsa ana ndi ndalama za kachasu, anthu akuwanyoza. Ndimakumbukiranso amuna amene tinawaika m'manda akadali anyamata, miyendo itatupa. Onsewa palibe anawajambulapo.

Mundiuze, mphwanu uja anasiya kumwa? Ngati akadavutikabe, mupite naye kuchipatala akamuyeze chiwindi, ndalama ya mayendedwe ndituma kumapeto kwa mwezi.

Mupereke moni kwa mayi.

Ine mnzanu,
wa ku Roanoke