Kalata yotseguka kwa Nduna ya Zaumoyo: wodwala khansa akhale ndi namwino wake

Olemekezeka a Nduna,

Ndabwera ndi pempho limodzi. Wodwala khansa aliyense amene wapatsidwa mapiritsi okamwera kunyumba azikhala ndi namwino mmodzi womudziwa dzina, womuimbira foni, komanso woyankha wodwalayo akaimba.

Mankhwala a khansa akakhala a m'dilipi, zonse zimachitikira pamaso pa anamwino, ndipo wodwala akajomba zimadziwika tsiku lomwelo. Masiku ano mankhwala ambiri ndi mapiritsi. Ubwino wake ndi woti munthu amagona kwawo. Koma ntchito yowerengera mlingo, kusunga nthawi ndi kuona ngati thupi likuwalandira mankhwalawo yagwera wodwala ndi omudwazika, anthu oti anangofotokozeredwa kamodzi, mwinanso tsiku limene mitu inali itaima ndi uthenga wa matendawo.

Tatengani capecitabine, amene amapatsidwa kwa odwala khansa ya m'matumbo ndi ya m'mawere. Nthawi zambiri amamwa kawiri pa tsiku, pasanathe mphindi 30 munthu atadya, kwa masiku 14, kenaka n'kupuma masiku 7. Ena amatsegula nawo m'mimba, ena amatuluka zilonda m'kamwa. Ena zikhatho ndi mapazi zimafiira, khungu n'kuyamba kusupuka mpaka kulephera kumanga batani la malaya kapena kuponda pansi. Zikafika apa wina amangosiya mwakachetechete, tsiku lokaonana ndi dokotala n'kunena kuti akumwa, poopa kukalipiridwa. Wina amalimba mtima n'kumamwabe chonsecho akutsegula m'mimba kwambiri, mpaka madzi kutha m'thupi. Onse awiriwa ali pa ngozi, ndipo akadapulumuka ndi foni ya mphindi zochepa yochokera kwa munthu wodziwa nthawi yoimitsa mankhwala ndi nthawi yoitana dokotala kuti achepetse mlingo.

Tamoxifen, amene amapatsidwa kwa odwala khansa ya m'mawere, vuto lake ndi lina. Mayi amamwa piritsi limeneli tsiku lililonse kwa zaka 5 mpaka 10, chotupa atachichotsa kalekale. Palibe pamene pakumupweteka, koma piritsilo likumutenthetsa thupi mwadzidzidzi, thukuta kamukamu usiku. Ndani angadabwe atadzifunsa kuti akumweranji? Kafukufuku amene anatuluka mu 2010, wa amayi oposa 8,000 a ku California, anapeza kuti pafupifupi theka lokha ndiwo anamwa mankhwala a mtundu uwu moyenera mpaka nthawi yonse. Amenewatu anali amayi oti mankhwala amawapeza. Chinasowa sanali mapiritsi.

Timati safunsa anadya phula, ndipo n'zoona. Koma wodwala wofooka, amene akuona kuti achipatala ndi otanganidwa, safuna kuvutitsa. N'chifukwa chake ndikuti namwino aziyamba ndiye kuimba, makamaka masabata oyambirira, ndipo azifunsa mafunso oti munthu ayankhe zoona: “Mwatsala ndi mapiritsi angati? Sabata ino ndi tsiku liti limene zinakuvutani?” Funso loti “mukumwa mankhwala?” aliyense amayankha kuti eya.

Ndipo akhale mmodzimodzi yemweyo. Zifukwa zosiyira mankhwala zimasiyana munthu ndi munthu. Wina ndi kuiwala chabe, wina mseru, wina wauzidwa ndi achibale kuti mapiritsiwo ndiwo akumudwalitsa, wina akuwabisa kuti a m'nyumba asadziwe. Zina ndi zochititsa manyazi, monga zokhudza m'banja, zoti munthu sangaululire mlendo amene akumuona koyamba. Uthenga wapafoni wokumbutsa nthawi umathandiza woiwala yekhayo. Enawo akufuna munthu.

Izi anaziyesa kale. Chipatala cha khansa cha Gustave Roussy ku France chinagawa odwala oposa 500 omwa mapiritsi m'magulu awiri, gulu limodzi n'kulipatsa anamwino olilondoloza pafoni ndi pa intaneti. Zotsatira zinatuluka mu 2022: olondolozedwawo anamwa mlingo woyandikira kwambiri umene dokotala analemba, anagona m'chipatala masiku ochepa, ndipo amene anadwalika kwambiri ndi mankhwala anali pafupifupi 28 mwa 100 alionse, pomwe gulu linalo anali 37. Nzeruyi si yachilendonso kwa a zaumoyo, poti pa TB ndi pa ma ARV anaphunzira kalekale kuti wopatsidwa mankhwala a nthawi yaitali amafuna womulondola akasowa.

Ndikudziwa kuti mundiuza kuti anamwino ndi ochepa. Ndi zoona, ndipo n'chifukwa chake sindikupempha kuti ntchitoyi muisenzetse namwino wa mu wodi kuti aziigwira akaweruka. Mukatero idzafa mwezi usanathe. Ukhale udindo wakewake, wolembedwa, wokhala ndi maola ake, foni yake ndi mayunitsi ake, komanso maphunziro a mankhwala a khansa. Namwinoyo akhale ndi mphamvu yolankhula ndi dokotala tsiku lomwelo, osati kuuza wodwala kuti adikire tsiku lake. Wodwala mmodzi wogonekedwa atatha madzi m'thupi amadya nthawi ya anamwino yochuluka kuposa mafoni ambirimbiri.

Chinanso, mapiritsiwo azipezeka. Namwino sangalimbikitse munthu kumwa mankhwala amene ku famase kulibe, ndipo wodwala akabwezedwa chimanjamanja kawiri amayamba kuganiza kuti kudumphitsa si nkhani yaikulu. Namwino yemweyu, poti akudziwa tsiku limene aliyense mapiritsi amuthere, ndi amene angachenjeze a famase nthawi ikadalipo.

Yambani ndi chipatala chimodzi chothandiza odwala khansa. Chaka chikatha muwerenge amene akumwabe mankhwala, amene anasowa ndi amene anagonekedwa, ndipo mutiuze poyera zimene mwapeza.

Ine wanu,
Mmodzi mwa odwazika matenda